Kaligo wa Azungu ndi Maliro a Atate

Fungo la dothi lofukulidwa kumene, anthu akamakumba kachewere nthawi yachisanu, limandibwezera kwathu kumapiri a ku Tsangano mpaka lero. Mphepo ya kumeneko inkachokera kwa Apwitikizi n'kulowa m'nyumba kudzera m'ming'alu ya khoma ngati kwawo. M'mawa nkhungu inkakwirira minda moti unkangomva khasu la mnzako, mwiniwake osamuona. Ndinali kamtsikana ka mapazi ong'aluka ndi miyendo yotuwa, ka zaka mwina zisanu ndi zitatu. Masiku amenewo panalibe wodzivuta kuwerenga zaka za mwana wamkazi.

Chaka chimenecho atate anamwalira ku Joni, kumene ankagwira ntchito m'migodi. Uthenga unabwera ndi bambo wina wa ku Biriwiri amene ankagona nawo chipinda chimodzi. Anatula bokosi lachitsulo pakhonde pathu nanena kuti mwala unawagwera, ndipo anaikidwa konko. Mudzi wonse unabuma. Azakhali anadzigwetsa m'fumbi, amayi a mpingo anaimba mpaka mawu kusasa. Amayi anga okha anangokhala pamphasa, msana chilili, m'maso muli gwa.

"Ndilire chiyani?" anatero amayi pamene azakhali anawagwedeza paphewa. "Mwandionetsa bokosi. Munthu simunandionetse."

Amayi anali a kuchigwa, ku Bwanje, kwa olima mpunga, ndipo kumapiri anabwera pachitengwa, kudzakhala kwawo kwa mwamuna. Banja la atate linali la Angoni osunga mwambo. Anapereka ng'ombe powakwatira, choncho ine ndi mlongo wanga wamng'ono Yosefe tinali ana a mudzi wa atate. Mkazi wamasiye ankayenera kulira, kumetedwa, kenako kusudzulidwa. Akasudzulidwa, m'bale wa malemu ankamulowa chokolo, apo ayi ankabwerera kwawo, ana n'kutsala. Bambo aakulu a Zakeyu, achimwene awo a atate, anali ndi mkazi kale komanso anali mkulu wa mpingo, ndiye za chokolo panalibe. Kwa amayi njira inali imodzi, yotsetsereka kupita kuchigwa popanda ife. Koma munthu amene sanalire sametedwa, ndipo wosametedwa sasudzulidwa.

Ine zonsezi sindinkazilumikiza. Ndinkangomva zonena za anthu pachitsime, kuti Nambewe, amayi angawo, ngouma mtima, kuti mwina ali ndi wina amene akumudikira. Anzanga ankandifunsa ngati amayi anga ali ndi misozi m'mutu mwawo. Ndinkachita manyazi, ndipo nthawi zina ndinkawakwiyira ndithu. Iwo ankangodzuka m'mamawa, kukumba kachewere, kutisambitsa ndi madzi ofunda, n'kupita kumishoni kumene ankachapa zovala. Tsitsi lawo linkakulirakulira pansi pa mpango, ndipo azakhali ankaliyang'ana ndi diso loipa.

Kumishoniko n'kumene kunafika alendo ena oimba. Anali azungu anayi, abwenzi a dokotala wa pamenepo, ndipo anabwera pa lole ndi mabokosi okulungidwa m'mabulangete. Ine ndinkaperekeza amayi kukawathandiza kuyanika zovala kuseri kwa nyumba ya alendo, ndiye ndinkaona zonse pawindo. Mnyamata wina wamtali anali ndi vayolini, imene ife tinangoitcha kaligo wa azungu. Wina anali ndi chitoliro chamtengo. Bambo wadazi ankakhala pa kabokosi ka miyendo kokhala ngati limba la m'tchalitchi, koma kolira ngati mawaya akukodoledwa ndi zikhadabo. Ndiye panali mayi wachikulire wa imvi, amene ankapanira pakati pa mawondo chikaligo chachikulu cha zingwe zambiri. Amayi a mpingo atamva mmene ankakhalira, anagwira pakamwa.

Anthu amenewa nthawi yambiri ankathera kukunga zingwe osati kuimba. Akakunga, nkhungu yathu inkazilefula, iwo n'kuyambiranso. M'chipindamo munkatuluka fungo la utomoni umene ankapaka pa timauta tawo. Wophika wa pamishoni anatiuza kuti zingwezo zinali za matumbo a nkhosa, ndipo tinaseka mpaka kugwira m'mimba poganiza za ndiwo zonsezo zowonongedwa chabe. Ananenanso kuti nyimbo zawo zinali zakalekale, zimene ngakhale azungu anzawo anaziiwala, ndipo iwowa ankayenda nazo kuti zisafe.

Loweruka masana anaimba m'chipinda chachikulu cha sukulu. Azungu a kuboma ndi akazi awo anakhala pamipando kutsogolo, ife pamabenchi kumbuyo. Amayi sankafuna kupita, koma mkazi wa dokotala anawaitana yekha, ndipo kukana kukanakhala mwano. Tisanalowe, aphunzitsi aakulu anatiimika pakhomo natichenjeza chala chili m'mwamba.

"Nyimbo izi n'zomvera ndi makutu basi. Pasapezeke wopolokezana nazo, woponda pansi kapena woimba nthungululu. Musatichititse manyazi."

Zoyambirira zinali zothamanga, ndipo kukhala phee kunali chilango. Chitoliro chinkathawa, vayolini n'kuchithamangitsa, kabokosi kaja kali tsekeretsekere pambuyo. Zala za kumapazi kwanga zinkavina zokha pansi pa benchi. Ndinkadabwa kuona azungu ali duu ngati akumvera mlandu. Yosefe anagona pamiyendo ya amayi nyimbo yachiwiri isanathe.

Kenako oimbawo anayang'anana, napuma pang'ono, ndipo mayi wa imvi uja anayamba yekha. Chikaligo chake chinatulutsa mawu akuya, otsika pang'onopang'ono, ndipo akafika pansi ankabwerera pamwamba n'kutsikanso momwemo. Sankasintha. Pamwamba pake vayolini inalowa ndi kaliwu kowonda, konjenjemera, kokwera n'kuduka ngati ka munthu amene mpweya wamuthera. Ndinamva tsemwe thupi lonse, chifukwa kulira kumeneko ndinkakudziwa. Ndi mmene mayi amayambira kubuma akamalowa pamudzi pamene pagwa maliro.

Kwathu munthu akayamba kubuma sumusiya yekha. Kumuyang'ana chabe akulira ndi nkhanza, ndipo mkazi aliyense amakula akudziwa kuti ayenera kuyankha. Ndinaona amayi a mpingo akuweramitsa mitu, ena akuluma nsonga ya mpango. Benchi yathu inayamba kugwedera, ndipo nditacheuka ndinapeza kuti ndi amayi. Anali atagwira m'mphepete mwa benchi ndi manja onse, mano ataluma, mitsempha ya pakhosi ili tototo. Mawu akuya aja anatsikanso, n'kutsikanso, osawapatsa mpata. Pomaliza pakamwa pawo panatseguka.

"Mayo ine, a Ngozo! Mwagona kwa eni, a Ngozo! Ana awa ndiwasiyira yani?"

Ngozo linali dzina la mfunda wa atate. Amayi ena aja sanathenso kudzigwira, anayankha onse, ndipo chipinda cha sukulu chinasanduka siwa. Wachitoliro anasiya, wavayolini anatsitsa uta wake. Mzungu wina wa kutsogolo anaimirira nkhope ili psuu, aphunzitsi aakulu akuthamanga uku ndi uku kutontholetsa anthu. Mayi wa imvi yekha sanaleke. Anayang'ana amayi, napitiriza mawu ake otsika aja motsitsa kwambiri, mpaka anzawo anawagwira amayi angawo m'mapewa n'kutuluka nawo panja.

Ine ndinakondwa. Ndinabereka Yosefe n'kuwatsatira, mtima uli mbee, poganiza kuti tsopano amayi anga afanana ndi amayi a anzanga ndipo pachitsime sadzatinenanso. Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. Azakhali anatichingamira panjira, nakumbatira amayi, ndipo analira limodzi ngati pachibale. Madzulo amenewo anatiphera nkhuku.

Sabata yotsatira amayi anawameta kuseri kwa nyumba. Tsitsi lija linagwa pansi lambirimbiri, ndipo mutu wawo unaoneka waung'ono ngati wa mwana. Anthu asanathe kukumba kachewere, amalume anakwera kuchokera kuchigwa. Akuluakulu anakhala pabwalo, bambo aakulu a Zakeyu nanena mawu owamasula amayi. Sananene mwaukali. Misozi inali m'maso mwawo, ndipo ndiyenera kunena kuti anatilera bwino, sanatisiyanitse ndi ana awo.

Amayi ananyamuka m'mawa, nkhungu isanachoke. Yosefe anamutengera kudimba dala kuti asaone. Ine anandigwira kumaso ndi manja awo okhakhala ndi sopo, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Esinati, mlongo wako amavula bulangete akagona. Uzimufunditsa."

Ndinawafunsa kuti abwera liti. Anandikonza kolala ya diresi, nasenza mtolo wawo, n'kutsatira amalume. Kuchigwa kunali kutali kwa mwana woyenda pansi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinkawaona mwa apo ndi apo, pamaliro kapena paukwati, ngati mlendo. Yosefe anakula akuwatchula kuti amayi a ku Bwanje.

Nditakula ndinamvapo nyimbo zoterozo pawailesi, ndipo wolengeza anati zinapekedwa zaka mazana angapo zapitazo, zina mwa izo zolirira akufa. Ndiye kuti amayi sanalakwitse kumva. Oimba aja sindiwasungira kanthu kukhosi. Anabwera ndi maliro a kwawo, sankadziwa kuti kumbuyo kwakhala munthu amene sangakwanitse kuwamva osayankha.

Ndili mwana ndinkati amayi analibe misozi, ndipo tsiku lija anachira. Ndinabereka ana anga ndisanamvetse kuti misoziyo inalipo kuyambira tsiku loyamba, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti atate kulibe. Ankaimeza m'mawa uliwonse, kulolera kunyozedwa ndi mudzi wonse, chifukwa tsiku lililonse losalira linali tsiku lina logona m'nyumba imodzi ndi ife.