Mpando wa Pakhomo pa Atelala

Atelala oyandikana ndi mayi wogulitsa makala sadutsa pampando wa pakhomo la shopu yawo osanena kuti zikomo. Pampandopo sipakhala munthu chimwalirireni akazi awo. Ukawafunsa amati, "Kwa ine mawu amenewa ali pawiri. Umayamba wapempha njira, kenako umathokoza amene wakupatukira. Nanga mpando umapatuka?"

Mwana wawo wamkazi atatopa nazo, anapempha mayi wa makala uja kuti akawaone bwinobwino. Ngati mutu wasokonekera, shopu itsekedwe, bambowo akakhale kwa iye.

Mayiyo anapita masana dzuwa likuswa mtengo, atatenga diresi long'ambika. Pofika pampando paja ananena mwachipongwe, "Zikomotu pamenepo."

Mpando unalira ngati wina wasuntha, ndipo nsalu yozizira inamukhudza pabondo, ngati ya munthu amene akubweza miyendo.

Atelala sanadzutse n'komwe mutu pamakina. "Mwapempha njira, akupatsani. Kwatsala kuthokoza."

Mayiyo anapinda maondo n'kuthokoza. Mwana uja atabwera kudzafunsa, mayiyo anangoti, "Asiyeni bambo anu, achemwali. Sali okha."