Kapitawo amene ndinamusankhira bawo

Nditangoyamba ntchito pa esiteti ya tiyi ku Mulanje, bwana anandiuza kuti ndisankhe kapitawo wobweretsa anthu osamalira mbande m'shedi ya nazale. Ofuna ntchitoyo anali awiri.

A Namakhwa a ku Muloza ankasamala mbande ngati ana awo. Koma anthu awo ankacheza m'Chilomwe, ndipo akamaseka, ine mlendo ndinkangoti njo ngati mzati wa shediyo. A Sitolo sankadziwa n'kuthirira komwe, koma Lamlungu lililonse ankabwera kudzasewera bawo kunyumba kwanga, kumene ngakhale nkhuku sinkapondako. Bawo lawolo ankalisiya konko.

Bwana atandifunsa, ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Anthu a Namakhwa alibe makadi a chipani." Masiku amenewo mawu otere ankakwanira. Makadiwo sindinawafunse n'komwe.

A Namakhwa atamva, anangovula chipewa. "Zikomo, bambo. Koma mbandezo asamazithirire dzuwa lili paliwombo."

Mbande zambiri zinaumadi, koma chimene chimandichititsabe manyazi ndi Lamlungu lotsatira. Ndinasesa pakhonde, n'kuikapo mipando iwiri, n'kukazinga mtedza. Ndinadikira tsiku lonse. Chakumadzulo a Sitolo anabweradi, kudzatenga bawo lawo.