Amake Ana pa Pepala Limodzi

Anthu ankangowatchula kuti a Mwetulirani, poti ndiwo mawu omwe ankanena asanadine kamera. Situdiyo yawo inali kuseri kwa shopu ya nsapato: benchi, chinsalu chojambulidwa mapiri, ndi kachipinda ka mdima kotsukiramo zithunzi. Akatsuka filimu, ankayamba aigoneka yonse papepala limodzi, tizithunzi n'kutuluka m'mizere, tating'ono ngati masitampa. Kasitomala ankaloza kamodzi, iwo n'kukazunguliza ndi pensulo yofiira, n'kukakulitsa. Pepalalo linkathera m'katoni.

Anajambula tauni yonse, koma akazi awo ankakana. "Nkhope yanga si ya pakhoma," ankatero.

Mayiwo atamwalira, mwana wawo wamkazi, namwino, anafuna chithunzi chopachika pabalaza. Anasanthula nyumba yonse, osachipeza.

"Ababa, inu wojambula, amayi n'kupita opanda chithunzi?"

M'mawa mwake a Mwetulirani anakatsegula situdiyo, yomwe inafa chibwerereni mafoni, n'kuyamba kufudukula makatoni. Analipeza: pepala la tsiku lomwe ankayesa kamera yatsopano, ana asanabadwe, atawazembera akazi awo akuchapa.

Mzere woyamba ndi msana wokha, ataweramira beseni. Kenako acheuka. Kenako dzanja lathovu laphimba nkhope. Pakati akubwera ndi malaya onyowa kuti akwapule nawo munthu, ndipo tizithunzi tapamenepo n'tachimbuuzi, poti wojambula ankathawa. Kotsatira n'kamitambo ndi chingwe choyanikira zovala: apa n'kuti wojambulayo atagwa chagada. Mzere womaliza mayiwo akuseka, atagwira m'nthiti.

"Aka, ababa," anatero namwinoyo. "Tikulitse aka."

"Ayi mwanangu. Ukatapa kamodzi, utsala ndi mzimayi wongoseka. Akuseka chiyani? Amako ndi tonseti: kukana, kukalipa, kenako n'kuseka."

Pepalalo analiika m'felemu lonse, ndi tachimbuuzi tomwe. Alamu awo, mchimwene wa malemu, atabwera anayamba ndi nthabwala: "Alamu, mwatsegula positi ofesi?" Koma atasendera pafupi anaima nthawi yaitali, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Anatuluka panja osatsanzika, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Chaka chotsatira ng'ala inawagwira a Mwetulirani maso onse. Poyamba ankaonera pa galasi lokulitsira lomwe ankagwiritsa ntchito ku situdiyo. Kenako nalonso linaleka kuthandiza. Masiku ano namwino akaweruka amatsitsa felemu ija, n'kuiika pamiyendo pa bambo ake, n'kumawauza zomwe zili m'kachithunzi kalikonse.

"Tafika pati?"

"Pa dzanja lathovu, ababa."

"Mphete ikuoneka?"

"Ikuoneka."

"Usathamange. Bwereranso pamene akucheuka paja."

Nthawi zambiri asanafike mzere womaliza amamugwira dzanja. "Basi, kapachike. Lero asaseke, akaseka pepala latha."