Mpando wa Mayi Khalanipo

Mayi Khalanipo anatisiya mwezi wathawu, ndipo mbiri yawo iyenera kulembedwa m'kalata ya mpingo uno mosapsatira mawu, pakuti pamaliro paja panachuluka zoyamikira, zoona zikuchepa.

Dzinali silinali laubatizo. Anawatcha choncho chifukwa paliponse pamene akhala, munthu akangolowa ankanyamuka n'kunena kuti, "Khalanipo, ine ndiima." Khalidweli analiyamba ali mtsikana. Iwo ndi mlongo wawo anakhoza mayeso chaka chimodzi, koma bambo awo anati mphamvu zophunzitsa ali nazo za mwana mmodzi. Wokhoza kwambiri anali mtsikanayo. Anazyolika n'kunena kuti, "Apite achimwene." Anakalirira kuseri kwa nyumba, atatha anachapa yunifolomu ya mlongo wakeyo.

Anakwatiwa, anabereka mwana mmodzi wamkazi, amuna awo n'kumwalira mwanayo akadali kumsana. Anamlera ndi makina osokera, pakhonde la sitolo ya eni ake. Lamulungu lililonse ankalawirira kudzasesa m'tchalitchi ndi kupukuta mabenchi, anthu akadzaza iwo n'kukaima pakhomo. Ankati, "Mulungu amamva ngakhale woima pakhomo." Mpingo unkatama kudzichepetsa kwawo. Nanga ukanaleka bwanji, poti otamawo ndiwo ankakhala pa mabenchiwo?

Mwana uja atayamba ntchito yaunamwino, mayiwa analowa sukulu yamadzulo, ndipo imvi zili mbuu anasankhidwa kukaphunzira zauphunzitsi ku yunivesite. Mlongo wawo, amene tsopano anali bwana wa galimoto yake, anaseka mpaka misozi. "Digiriyo mukaigwiritsa ntchito kumanda?" Mkulu wa mpingo funso lake linali limodzi: "Nanga mabenchi azitipukutira ndani?"

Chaka choyamba chinawawa, abale. Tsiku lofika, mlonda anawabweza kuti makolo amathera pageti. M'chipinda chogona anasiyira mtsikana wogona nawo bedi lapansi, iwo n'kumakwera lam'mwamba mawondo akulira. Zala zozolowera singano zinkasochera pa kompyuta, ana n'kumaseka chakumbali. Koma chowawitsa chinali holo yophunziriramo, momwe ophunzira ankachuluka kuposa mipando. Makutu awo anali atayamba kugontha, choncho ankalawirira kukakhala kutsogolo. Ndiye panali mnyamata wina, mwana wa mkulu wa mpingo uja, amene ankabwera mochedwa n'kudzaima pambali pawo. Miyendo inkanyamuka yokha. "Khalanipo, ine ndiima." Ankathera kumbuyo, atatsamira khoma, akungoona pakamwa pa mphunzitsi pakuyenda.

Mayeso a pakati pa chaka analakwa, ndipo anawachenjeza kuti akalakwanso sukulu yathera pomwepo. Mwana wawo atamva anakwiya. "Amayi, malo oyamba munapatsa amalume. Awanso mupereka?"

Mayiwo anakagwada m'kachipinda kopemphereramo pasukulupo, mtima uli wowawa kuposa tsiku lija anachapa yunifolomu. Pemphero lawolo anadzauza mwana wawo pambuyo pake: "Ambuye, kodi ndinu munandiuza kuti ndiziima, kapena ndi anthu? Ngati ndinu, ndiima. Ngati ndi anthu, ndigwireni miyendo."

M'mawa mwake mnyamata uja anafika monga mwa masiku onse, chikwama chili paphewa. "Mayi, ndafika."

Mayi Khalanipo anagwira desiki ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu. "Mwanangu, pano ndakhalapo ine."

"Aa! Mayi wopemphera uja ndi ameneyu?"

Mayiwo sananyamuke. Tsiku limenelo anamva phunziro lonse, kuyambira moni mpaka mafunso.

Nkhani inafika kumpingo iwo asanafike. Mkulu uja anati sukulu yawatukumula, ndipo amayi ena amene anakhalira mabenchi opukutidwa zaka zonsezi anayamba kuwapatsa moni wa m'mphuno. Zinawapweteka kwambiri, pakuti awa anali anthu awo. Komabe patchuthi ankabwera ndi kansalu kawo, n'kupukuta mabenchi omwewo, osadandaula kwa munthu.

Chaka choyamba anakhoza. Chachiwiri sanachione. Anadwala masiku ochepa, ndipo anatsirizika masana, mwakachetechete, mwana wawo akuwawerengera salimo, mabuku a chaka chachiwiri ali pamutu pa bedi atawakuta kale bwinobwino.

Amene akufuna chitsanzo asangotenga cha kuima chokha chifukwa ndicho chinkawakomera. Mayiwa anatumikira Mulungu ataima, anamtumikiranso atakhala, ndipo chovuta chinali chachiwiricho.

Tsiku la maliro tchalitchi chinadzaza. Mwana wawo anakhala pa benchi yakutsogolo, pafupi ndi bokosi. Mlongo wa malemu anafika mochedwa, fungo la mafuta onunkhira lili patsogolo, ndipo mkulu wa mpingo anathamanga kukanong'oneza namwinoyo: "Mwanawe, tawasiyira malo amalume ako."

Namwinoyo sanakweze mawu, koma mabenchi atatu anamva. "Pano ndakhalapo ine."

Amalume aja anaima pakhomo mpaka mwambo kutha. Asadandaule, mlongo wawo ankati Mulungu amamva ngakhale woima pakhomo.