Msomali wa pazenera lakuseri

Ndinali mmisiri wa matabwa pamene mzungu wina anamanga nyumba yogona alendo m'mbali mwa msewu waukulu ku Katete, nthawi ya Chitaganya. Anandiuza kuti ndikhome misomali yokolekapo nyali zopopa pakhonde ponse, kuti alendo ake azidyera powala. Pazenera lakuseri, pomwe ife akuda tinkagulira tiyi, ndinakhomapo msomali wina mwa ine ndekha.

Atauona anandifunsa kuti, "Wakutuma ndani?"

"Bambo anga anagwa pamenepa dzana, bwana. Pamachita mdima."

"Anthu inu mumaona ndi mumdima momwe. Uzule."

Ndinauzula iye ali chiimire. Kenako ndinatola zida zanga n'kuchoka osatsanzika, khonde lisanathe. Mpaka pamene anabwerera kwawo sindinamupatsenso moni, ndipo mtima wanga sunaphwebe.