Pachulu Ndi Mawu Okha

Fodya atatikanika chaka chachiwiri, ndinamanga kachikwama n'kupita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba. Mwana wanga Tadala, yemwe anali atangoyamba kuyankhula, ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga, kumudzi kwathu kuseri kwa mapiri a Malomo.

Kwathuko netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, kumtunda kwa tchalitchi. Kampani ya foni itatsitsa mtengo wa bando ya Lamlungu, mudzi wonse unkathamangira pomwepo mapemphero akatha. Ine, m'kachipinda kanga kozizira ku Joni, ndinkangomva mawu odukaduka. Ndinkasungulumwa kwambiri, ndipo ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kuona nkhope ya mwana wanga.

"Achemwali, yatsani vidiyo."

"Sizitheka, Esinati. Kuno ndi mawu okha."

Zaka ziwiri, yankho lomwelo. Ndinatumiza ndalama ya foni yatsopano, koma zithunzi zinkangozungulira osafika. Ndinati agule simu ya kampani ina, iwo anati inayo pachulu siifika n'komwe. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo mtimawo unayamba kundinong'oneza zoipa: mwana wapsa ndi moto, mwana watupa ndi njala, akundibisira. Kamawu kake ndinkakamva, inde, koma mawu saonetsa chilonda. Lamlungu lina foni inaduka Tadala akulira. Ndinaimbanso mpaka chala kuwawa, osalowa. Sabata yomweyo ndinasiya ntchito n'kukwera basi.

Ndinafika Lamlungu masana pa kabaza, n'kulunjika kuchulu osadzera kunyumba. Ndinapeza azimayi atandandalika pa udzu, mafoni ali chozimitsa m'manja. Pamwamba pa chulu panali anthu atatu okha. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti onse akaimbira mafoni pamodzi palibe amene amamva, ndiye anapangana zokwera atatuatatu, wa matenda kapena maliro patsogolo. Vidiyo anailetsa, chifukwa mmodzi akaiyatsa, anzake onse foni zimawadukira.

Achemwali anali pamzerepo, akudikira nthawi yawo yokwera kukalandira foni yanga.

"Bwanji simunandiuze?" ndinawafunsa, osapereka n'komwe moni.

"Ndinkakuuza. Iwe unkangokalipa mpaka nthawi yathu kutha."

"Nanga Tadala ankaliriranji tsiku lija?"

"Ankakana kutsika pachulu."

Tadala anali pomwepo, wonenepa, wopanda ngakhale chipsera. Atandiona, anabisala kuseri kwa chitenje cha achemwali ngati waona wa jakisoni. Ndinagwada pa udzu, misozi ili chuchuchu.

"Tadala, ndine amayi ako. Ndabwera."

Mwanayo anadzutsa mutu msanga, nkhope yonse itawala, koma sanayang'ane ine. Analanda foni ya achemwali, yozima ija, n'kuiika kukhutu ndi manja awiri.

"Amayi, ndikukumvani," anatero. "Lero sizikuduka."