Uthenga wa Nthawi ya Nkhomaliro

Mu ofesi ya alimi a mpunga ku Lupembe, komwe ndinkagwira ukalaliki, munali kakompyuta kakuda pansi pa tebulo. Tinkakatchula kuti seva. M'menemo ndimo munkakhala timafayilo ta mayina a alimi ndi minda yawo.

Amene anakakonza ndi mnzathu wina wa ku Uliwa, bambo wanthabwala amene ankaudziwa bwino ulesi wathu. Ankati ife tidzakumbuka kukopera mafayilo madzi atafika kale m'khosi. Choncho anakatchera kuti dzuwa likafika paliwombo kazikopera kokha zonse n'kuzisunga pena, kenako kazitumiza uthenga pafoni m'mawu akewo: "Nasunga vyose, lutani mukarye," kutanthauza kuti ndasunga zonse, pitani mukadye. Uthengawo unkafika kwa ine ndi kwa mkazi wake, poti poyesa anaikamo nambala ya kunyumba ndipo sanaichotsenso.

Mnzathuyo anamwalira m'dzinja atangodwala pang'ono. Tili kumanda, bokosi likutsika, foni yanga inanjenjemera m'chitenje. Ina inalira pamene panakhala namfedwa.

Abale anagawana zovala zake, anadzatenganso kapu ndi jekete lomwe ankakoleka kuseri kwa chitseko. Za seva palibe anaziganiza. Tsiku lililonse masana malemu ankatiuzabe kuti tikadye, ndipo ine chakudya chinasiya kutsika.

Mayi wamasiye uja anabwera ku ofesi. "Amama, auzeni aleke," anatero. "Zovala tagawa, nyumba tasesa, kweni iwo akundituma kukadya. Ndilira bwanji munthu woti sanachoke?"

Ndinamva chisoni, koma kakompyutako ndinkaopa kukakhudza. Ndikanalakwitsa, mafayilo a alimi akanakhala opanda posungira pena, magetsi athu ozimazimawa. Ndinawakwiyira malemuwo, zoona, potisiyira nthabwala yopanda pozimitsira.

Patapita nthawi kunabwera katswiri wochokera ku Boma. Anachotsa nambala ya mayi uja, m'malo mwa mawu aja n'kuikapo Chingerezi chouma. Pomwe ankamaliza, tiyi amene ndinam'patsa anali asanazizire n'komwe.

Mawa lake mayiyo anabweranso, nakhala pabenchi foni ili pamiyendo. Nthawi itakwana yanga inalira, yake inangoti zii.

"Ayowoya vichi?" anandifunsa, kufuna kumva zomwe amuna awo anena.

"Si iwo, mama. Ndi makina chabe."

Anaiyang'ana foni yakeyo, kenako anaimanga pansonga ya chitenje.

"Ndiye kuti amwalira lero," anatero.

Tsiku limenelo tonse awiri sitinadye.